Malo a mbiri mu Lilongwe: mafunso omwe anthu amafunsa kawirikawiri ndi mayankho ake

Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe amabwera mobwerezabwereza, ena kuchokera kwa abale a ku Joni ndi ku UK amene akubwera kutchuthi ndi ana oti Malawi amangomumva pafoni, ena kwa aphunzitsi ofuna kutenga ana a sukulu, enanso kwa anthu a mu Lilongwe momwemo oti alendo awafikira ndiye asowa kowatengera kupatula ku Gateway Mall. Tayamba ndi ophweka, ovutirapo ali kutsogoloko.

Kodi mu Lilongwe muli choti munthu nkuona? Ena amati ndi mudzi waukulu chabe.

Chilipo, kungoti sichikuonekera pamsewu ngati momwe zimakhalira ku Blantyre kapena ku Zomba komwe nyumba zakale zimachita kukuchingamira. Lilongwe ngati likulu ndi mzinda wachichepere, ndiye zipilala zake zambiri ndi za dzulodzuloli, ndipo pafupifupi zonse zikukamba za boma ndi za Kamuzu. Zikuluzikulu ndi chiliza cha Kamuzu, nsanja yokumbukira asilikali pamodzi ndi chiboliboli cha Kamuzu, Nyumba ya Malamulo ndi Capital Hill. Mbiri yakale kwenikweni ili ku Old Town, ku mamishoni a Likuni ndi Nkhoma, komanso kumapiri a Dzalanyama ndi Bunda.

Chomvetsa chisoni nchakuti ambiri amene amati kulibe choona ndi omwe amadutsa pachiliza tsiku lililonse pa minibasi popita kuntchito koma sanatsikepo nkamodzi komwe.

Lilongwe inakhala liti likulu, nanga anachokeranji ku Zomba?

Inakhala likulu mu 1975. Zomba ndiye inali likulu kuyambira nthawi ya atsamunda mu 1891, koma Kamuzu Banda atangotenga boma anati likulu lipite pakati pa dziko. Zifukwa zomwe zinkanenedwa ndi zoti Zomba ili pothina m'munsi mwa phiri, malo okulira ndi ochepa, komanso chitukuko chonse chinaunjikana kummwera pomwe chigawo chapakati ndi kumpoto kunalibe kanthu. Anthu ena amawonjezera kuti mkuluyu kwawo kunali ku Kasungu ndiye ankakokera kwawo, zimenezo mukaweruze nokha.

A Britain sanafune kupereka ndalama za ntchitoyi, ankati ndi kuwononga. Amene anapereka ngongole ndi boma la South Africa la nthawi ya tsankho, ndipo nkhani imeneyi inamudanitsa Kamuzu ndi atsogoleri ambiri a mu Africa. Bungwe la Capital City Development Corporation linakhazikitsidwa mu 1968 kuti limange mzindawu. Koma musaganize kuti zonse zinasamuka tsiku limodzi ayi, aphungu anapitirizabe kukumana ku Zomba mpaka 1994.

Anthu akamati Old Town, City Centre, Area chakuti, akutanthauza chiyani?

Lilongwe ili ndi matauni awiri. Old Town ndi tauni yakale ya m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe komwe kuli msika waukulu, depoti, masitolo a amwenye ndi phokoso lonse. City Centre ndi ija inamangidwa chifukwa cha likulu, kuli maofesi, mabanki, akazembe, misewu yotakata ndi mitengo. Pakati pa awiriwa anasiyapo nkhalango dala, ndi momwe muli Lilongwe Wildlife Centre, ndipo msewu womwe ambiri amaudziwa kuti wa Kenyatta ndi womwe umalumikiza matauni awiriwa.

Za ma Area musavutike kuwerenga motsatana chifukwa manambalawo sakutsata malo, Area 18 sinagundane ndi Area 17 ngati momwe mungaganizire, ndipo Area 47 ili kufupi ndi tauni kuposa Area 25. Mukasokera ingofunsani dzina la malo omwe mukufuna, osati nambala yokha.

Ndili ndi tsiku limodzi lokha, ndiyambire pati?

Yambani mmawa ku City Centre dzuwa lisanakwiye. Chiliza cha Kamuzu ndi Nyumba ya Malamulo zayandikana, mutha kuyenda wapansi. Mukatero pitani kunsanja ya asilikali, ndi kamtunda pang'ono ndiye galimoto kapena kabaza ikuthandizani. Masana tsikirani ku Old Town mukadye nsima ndi kuzungulira msika. Ngati muli ndi ana, Wildlife Centre ili panjira yomweyo. Za kunja kwa mzinda zimafuna tsiku lakelake, onani funso la Nkhoma ndi Dzalanyama kumunsiku.

Chiliza cha Kamuzu chili pati ndipo pali chiyani?

Chili ku City Centre pafupi ndi Nyumba ya Malamulo, m'mbali mwa msewu wa Presidential Way. Kamuzu anamwalira pa 25 November 1997 kuchipatala ku Johannesburg ndipo anaikidwa pamalo amenewa mu December chaka chomwecho. Kwa zaka zingapo manda ake anali wamba, mpaka boma la Bingu wa Mutharika linamanga chiliza chomwe mukuchiona lerochi nkuchitsegulira mu May 2006.

Mukamalowa mumayenda kanjira kopakidwa bwino pakati pa kapinga ndi maluwa, kenako mumakwera masitepe, pamwamba pa khomo pali chithunzi chachikulu cha mwini wakeyo akukuyang'anani. Nyumbayo ndi ya miyala yosalala yonyezimira yozizira bwino ngakhale mu October. Chomwe muyenera kuchiyang'anitsitsa ndi nsanamira zinayi zomwe zikuimira ngodya zinayi zija, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Amene anaphunzira sukulu nthawi imeneyo safunika kuwerenga, amangozitchula pamtima, ndipo mukapita ndi agogo kapena amalume a zaka zimenezo mudzaona nkhope yawo ikusintha, ena amamwetulira ena amangoti zii, ndiye apo mpomwe nkhani zenizeni zimayambira. Ine ndimalimbikitsa kwambiri kupita ndi munthu wachikulire kusiyana ndi kupita achinyamata okhaokha kukangojambulitsa.

Kodi thupi lake lilidi momwemo?

Eya lilimo, koma lili m'chipinda chapansi chomwe alendo salowamo. Manda omwe mumawaona pamwamba ndi oimira chabe, ndi pomwe anthu amaika nkhata za maluwa.

Koma munthuyu anazunza anthu, kupita kuchiliza kwake si kumulemekeza?

Funso ili limabwera kwambiri ndipo si lopepuka. Zonse ziwiri ndi zoona. Ndi Kamuzu yemweyo amene anabwera pa 6 July 1958 kudzaphwanya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, anamangidwa pa 3 March 1959 nkukatsekeredwa ku Gwelo (pano ndi Gweru ku Zimbabwe), natitsogolera ku ufulu pa 6 July 1964, namanga misewu, yunivesite, chipatala cha Kamuzu Central ndi mzinda womwe tikukambawu. Ndi yemweyonso amene anadzipanga pulezidenti wamuyaya mu 1971, anthu ankatsekeredwa kundende ya Mikuyu popanda mlandu, a Mboni za Yehova anathamangitsidwa mpaka kuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique, ayufi ankaima pageti la msika kufuna khadi la chipani ngakhale kwa mayi woyembekezera, ndipo mu 1983 nduna zitatu Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala pamodzi ndi phungu David Chiwanga anaphedwa ku Mwanza boma nkunena kuti ndi ngozi ya galimoto. Orton Chirwa anafera kundende ya Zomba mu 1992.

Pachilizapo mbali yachiwiriyi simukaiona italembedwa, ndipo wokuonetsani malo nthawi zambiri amakamba zabwino zokhazokha. Apa mpomwe ine ndimaona kuti likulu lathu likuperewera, anthu omwe anavutika aja alibe malo awo oonekera ngati amenewa mu mzinda uno. Koma yankho lake si kusapita. Pitani, ndipo ngati mwatenga ana muwafotokozere zonse, muwauzenso kuti pa 14 June 1993 Amalawi anavota pa referendamu kusankha zipani zambiri, ndipo mu May 1994 Kamuzu anagonja kwa Bakili Muluzi nkuvomera. Amene mabanja awo anakhudzidwa ndipo mtima sukuwalola kupondapo, musawakakamize.

Nanga chinsanja chachitali chija chili cha ku Area 18 ndi cha chiyani?

Imeneyo ndi nsanja yokumbukira asilikali athu amene anafa pa nkhondo yoyamba ndi yachiwiri ya dziko lonse komanso pa ntchito zina za usilikali. Ili pakati pa Capital Hill ndi Area 18, imaonekera patali. Pansi pake pali mayina a asilikali olembedwa pazitsulo, ndipo ndi bwino kuima pang'ono nkuwawerenga chifukwa ndi mayina athu omwewa, mwina mupezapo la kwanu.

Kutsogolo kwa nsanjayo kuli chiboliboli chachikulu cha Kamuzu chomwe chinavundukulidwa mu 2009, wavala suti yake ija ndi chipewa, dzanja lina litchowa dzanja lina ndodo. Chifukwa cha chiboliboli chimenechi anthu ambiri amaganiza kuti nsanja yonseyo ndi ya Kamuzu, ayi ndithu, nsanjayo ndi ya asilikali.

Amalawi zinawakhudza bwanji nkhondo za azungu?

Zinawakhudza kwambiri kuposa momwe mabuku a kusukulu amanenera. Nyasaland inali pansi pa Britain, ndipo kumpoto kwathu kunali dziko la Ajeremani lomwe pano ndi Tanzania, ndiye nkhondo ya 1914 inafika pakhomo penipeni, ku Karonga kunamenyedwa nkhondo mu September chaka chimenecho. Anyamata athu analowa gulu la King's African Rifles (KAR) nkumathamangitsana ndi asilikali a Ajeremani otsogozedwa ndi von Lettow-Vorbeck m'tchire la Tanganyika ndi Mozambique mpaka 1918. Koma ochuluka zedi sanagwire mfuti nkomwe, anatengedwa m'midzi mokakamiza kukhala amtengatenga, kusenza zakudya ndi zipolopolo pamutu mitunda yosaneneka, ndipo ambirimbiri anafa ndi njala, kamwazi ndi kutopa, osaikidwa ngakhale chizindikiro. John Chilembwe analemba kalata kunyuzipepala mu November 1914 kudandaula za kutenga anthu osauka kukafera nkhondo yomwe siyawo, miyezi iwiri yokha kuukira kwake kwa January 1915 kusanachitike.

Pa nkhondo yachiwiri asilikali a kuno anakamenya ku Somaliland, ku Ethiopia, ku Madagascar mpaka ku Burma. Magule ngati malipenga ndi mganda, ndi kuguba kwake kuja ndi mayunifolomu oyera, anachokera ku perete wa asilikali a nthawi zimenezi. Chipilala chakale cha KAR chili ku Zomba pafupi ndi Cobbe Barracks, ndiye mukafika kumeneko kachioneninso.

Kodi amalola kukwera pamwamba pa nsanjayo?

Wosamalira malowo akakhalapo amatha kukutsegulirani. Mkati muli masitepe ambiri ndipo cha kumtunda kumathina, ndiye amene ali ndi vuto la mawondo, BP kapena chizungulire angodikira pansi, tiana tating'ono musakwere nato. Amene mwakwanitsa, pamwambapo mumaona Capital Hill yonse, Nyumba ya Malamulo, Bingu National Stadium, ndipo kukakhala kopanda fumbi mumaona ndi mapiri akutali. Mpamene mumamvetsa kuti mzindawu anaukonza kuti ukhale wa mitengo, ndipo mpamenenso mumaona momwe mitengoyo ikuthera.

Nyumba ya Malamulo munthu wamba angalowemo?

Angalowe, ndi nyumba yanu yomwe. Aphungu akamakumana pali malo okhala alendo m'chipinda chokambiranamo, ndipo masukulu ndi magulu amalemba kalata ku ofesi ya Nyumbayi kupempha tsiku. Tengani chiphaso chanu, valani mwaulemu, ndipo pageti mudzasechedwa. Mukakhala mkati simuloledwa kuwomba m'manja kapena kuyankhira ngakhale phungu wa kwanu atalankhula zokukondweretsani bwanji.

Nyumbayi inamangidwa ndi thandizo la boma la China ndipo inatsegulidwa mu 2010. Mbiri yake ndi yosangalatsa, aphungu atachoka ku Zomba ankakumana ku State House ya Lilongwe chifukwa Muluzi sankagonako, koma Bingu atalowa mu 2004 anati nyumbayo ndi ya pulezidenti, aphungu apeze kwina, ndiye mpomwe nkhani yomanga yawoyawo inafulumira. Ngati muli ndi K200 m'thumba itembenuzeni, kuseri kwake kuli nyumba yomweyi, kutsogolo kuli mayi Rose Chibambo. Ana amasangalala kwambiri mukawapatsa ndalamayo kuti afananize ndi nyumba yeniyeniyo ataima pageti. Kuyambira chisankho cha 2025 aphungu alipo 229, kale anali 193.

Nanga Capital Hill ndi State House? Zithunzi tingajambule?

Capital Hill ndi malikulu a maunduna, nyumba zofanana zomwe zinamangidwa m'zaka za m'ma 1970 pomwe likulu linkasamuka. Si malo okaona alendo kwenikweni, ndi maofesi, koma kudutsa cha kumeneko nkuona kamangidwe kake nkokwanira. Kumeneku nkomwe kunaphulikira nkhani ya Cashgate, ya kubedwa kwa ndalama za boma, mu 2013. Chapafupi pomwepo pali Botanic Garden pomwe mutha kupumira pamthunzi.

State House, yomwe imatchedwa Kamuzu Palace, ili ku Area 44 ndipo simungangopitako. Pa zithunzi lamulo lake ndi losavuta, pachiliza ndi pansanja jambulani koma yambani mwapempha amene alipo, Nyumba ya Malamulo funsani apolisi a pageti, koma ku State House, ku Kamuzu Barracks ndi pa marodibuloko foni ikhale m'thumba. Drone musaulutse dera limeneli popanda chilolezo.

Nyumba ina yomwe alendo amaikonda ku City Centre ndi ya Reserve Bank chifukwa cha kamangidwe kake kotambasuka kumwamba, komanso nyumba ya misonkhano ya Bingu International Convention Centre (BICC) ndi bwalo la Malawi Square lomwe limachitikira zochitika zikuluzikulu.

Ku Old Town kuli chakale chanji? Ine ndimangoonako chipwirikiti.

Chipwirikiticho ndiye mbiri yakeyo. Lilongwe inayamba ngati kamudzi m'mbali mwa mtsinje, atsamunda anadzakhazikitsa boma pamenepa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 m'dera la mfumu Njewa, ndipo chifukwa pankakumana njira yochokera kummwera kupita kumpoto ndi ina yopita ku Fort Jameson komwe pano ndi ku Chipata, amwenye anabwera kudzatsegula masitolo. Chomwe chinakulitsa tauniyi ndi fodya, alimi a chigawo chapakati atayamba kulima wambiri m'zaka za m'ma 1920. Inavomerezedwa kukhala tauni mu 1947.

Mtsinje unkagawa anthu. Tsidya la Area 3 kunali azungu, nkomwe kuli maofesi a DC, gofu kilabu, tchalitchi cha Anglican cha St Peter's ndi nyumba zakale za makhonde aakulu. Tsidya linalo la Area 2 kunali amwenye ndi msika, nkomwe kuli mzikiti waukulu, ndipo anthu akuda ankakhala cha kuseri. Ngakhale zipatala zinali choncho, chipatala cha Bwaila anthu akuluakulu mpaka lero amachitchula kuti Bottom chifukwa chinali cha anthu akuda, cha azungu chinali kumtunda. Mukayenda wapansi kuchokera ku positi ofesi, pomwe anyamata amagulitsa ziboliboli ndi zojambula, nkuwoloka mlatho kulowa mu Malangalanga, mwadutsa mbiri yonseyi m'mphindi zochepa.

Kumsika kuli timilatho tamitengo tolumikiza msika wa ndiwo zamasamba ndi wa kaunjika wa Tsoka, eni ake amakhala pamapeto kulandira kandalama kowolokera. Timagwedera pang'ono ukamaponda, pansi madzi akuyenda, kutsogolo mayi wasenza dengu la tomato akuwoloka osayang'ana nkomwe pansi. Mvula ikagwa yambiri madzi amatikokolola ndipo eni ake amamanganso. Alendo ambiri akabwerera kwawo chimene amakumbukira ndi chimenechi kuposa chiliza. Chikwama chikhale kutsogolo, foni musamaionetse, ndipo kukada musazungulire cha ku depoti ngati simukudziwako.

Kodi mu Lilongwe muli myuziyamu?

Myuziyamu yaikulu ya dziko ili ku Chichiri ku Blantyre, ina yabwino ili ku Karonga komwe kuli mafupa a Malawisaurus. Kuti likulu la dziko lifike zaka 50 mlendo akufunsa kokaona mbiri ya Amalawi ife nkumamulozera ku Blantyre, ndi chinthu chomwe chimandipweteka ndithu. Pakadali pano ngati mukufuna za chikhalidwe, pitani ku Kungoni ku Mua m'boma la Dedza, komwe bambo Claude Boucher anayambitsa malo osungira chikhalidwe mu 1976, kuli zigoba za gule wamkulu mazanamazana ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Ndi ulendo wa tsiku lonse.

Manda a Bingu ali pafupi ndi a Kamuzu? Nanga za Chilembwe zili kuti?

Ayi. Bingu anamwalira mu April 2012 koma anaikidwa kumunda kwake ku Ndata m'boma la Thyolo, pachiliza chotchedwa Mpumulo wa Bata. Mu Lilongwe dzina lake lili pa sitediyamu ya ku Area 48 yomwe inatsegulidwa mu 2017 ndi pa BICC. Saulos Chilima, yemwe anali wachiwiri kwa pulezidenti, mwambo wa maliro ake unachitikira pa sitediyamu yomweyo mu June 2024 koma anaikidwa kwawo ku Nsipe ku Ntcheu. Za Chilembwe zili kumishoni yake ya PIM (Providence Industrial Mission) ku Chiradzulu, ndipo chipilala cha anthu omwe anaphedwa pa 3 March 1959 chili ku Nkhata Bay.

Kunja kwa mzinda pang'ono kuli malo ati a mbiri?

Kufupi kwambiri ndi Likuni, mishoni ya Akatolika yomwe ansembe a White Fathers anayambitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, likulu lisanalotedwe nkomwe. Kuli tchalitchi, chipatala, masukulu a Likuni Boys ndi Likuni Girls komanso malo osindikizira mabuku. Minibasi zake zimapezeka mosavuta.

Nkhoma ili pafupifupi makilomita 50 kuchokera mu tauni, mumatsata msewu wa ku Dedza nkukhotera kumanzere pa Kamphata. Amishoni a Dutch Reformed ochokera ku South Africa, omwe anayambira ku Mvera mu 1889, anafika pa Nkhoma mu 1896, ndipo lero ndi likulu la sinodi ya Nkhoma ya CCAP. Nyumba zake za njerwa zofiira zikadalipo m'munsi mwa phiri. Kwa ife olankhula Chichewa malowa ndi ofunika mwapadera chifukwa amishoni amenewa, motsogozedwa ndi William Murray pamodzi ndi aphunzitsi achikuda omwe ankawathandiza, ndiwo anagwira gawo lalikulu la ntchito yomasulira Buku Lopatulika lomwe linatuluka mu 1922, ndipo Chichewa cha m'buku limenelo chinaumba kalembedwe ka anthu ambiri. Amphamvu atha kukweranso phirilo, pezani mnyamata wa komweko akutsogolereni.

Koma mbiri yakale kuposa zonsezi ili ku Dzalanyama, kumalire ndi Mozambique, komwenso mtsinje wa Lilongwe umachokera. Kumeneko nkomwe kuli Kaphirintiwa, pomwe makolo a Achewa ankati Chauta anatsitsira munthu woyamba, mwamuna ndi mkazi, pamodzi ndi nyama zonse mvula ikugwa, ndipo mapazi awo anadinda pathanthwe likadali lofewa. Chapafupi pali Msinja, kachisi wa mvula komwe kunkakhala Makewana, mayi woyang'anira kachisiyo, ndipo mafumu ankatumiza nthumwi kuchokera kutali kukapempha mvula chilala chikavuta. Phiri la Bunda nalonso linali malo a nsembe za mvula, masiku ano mukakwera mupeza magulu a mapemphero. Malo ngati Msinja si ongofikapo ngati pamsika, yambani mwaonekera kwa amfumu a deralo, iwo ndi amene angakupatseni munthu ndi kukuuzani zoyenera ndi zosayenera. Nkhalango ya Dzalanyama yadyedwa kwambiri ndi makala, matumba omwe mumawaona panjinga m'mawa kulowa mu tauni ambiri amachokera kumeneko, pomwe madzi omwe mzinda wonse ukumwa kudzera ku Kamuzu Dam ku Malingunde akudalira nkhalango yomweyo.

Mukakhala ndi galimoto yolimba, ku Dedza kuli Chongoni, mapanga a zojambula zakale pamiyala okwana 127 omwe UNESCO inawaika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Zofiira zinajambulidwa ndi Akafula, zoyera ndi Achewa ndipo zambiri zikukhudza chinamwali ndi Nyau. Chonde musakhudze kapena kulembapo mayina anu ndi makala, ena anawononga kale mokwanira.

Kulowa m'malo amenewa ndi ndalama zingati, ndipo ndiyende bwanji?

Pachiliza ndi pansanja sipakhala zogula tikiti ngati ku sitediyamu, mumalemba dzina m'buku la alendo ngati lilipo, ndipo ndi ulemu kumupatsa kangachepe amene wakuonetsani malo. Ku Wildlife Centre, ku Kungoni ndi malo ena otero kumakhala mtengo wolowera, ndipo nthawi zambiri wa Amalawi umatsikirapo kusiyana ndi wa alendo akunja, ndiye tengani chiphaso. Mitengo imasintha pafupipafupi ndi momwe kwacha ikuyendera, imbani kaye musananyamuke.

Mayendedwe, minibasi zochoka ku depoti kupita ku City Centre ndi Area 18 zilipo zambiri ndipo ndi zotchipa, kungoti zimadikira kudzaza. Kabaza wa njinga yamoto ndi wachangu koma ngozi zake ndi zambiri, wopanda helemeti musakwere. Mukakhala anthu atatu kapena anayi kuli bwino kugwirizana ndi wa takisi mtengo wa tsiku lonse musanakwere, azikudikirani pamalo paliponse. Loweruka ndi Lamlungu ku City Centre kumakhala zii, kuyenda nkosavuta koma musayende nokha m'tinjira ta m'tchire todulira.

Pali kavalidwe kake? Amayi angavale thalauza?

Angavale. Lamulo lija la 1973 loletsa amayi mathalauza ndi masiketi aafupi, ndi abambo tsitsi lalitali, linatha pomwe ulamuliro wa chipani chimodzi unkatha. Komabe pachiliza ndi pamanda, ndiye phokoso, mowa ndi kukhala pamwamba pa mandawo kuti mujambulitse ayi. Ku mzikiti ndi kumatchalitchi valani zotalika, ndipo amayi mukamapita kumidzi ngati ku Msinja kapena ku Nkhoma ponyani chitenje m'chikwama.

Nthawi yabwino yobwera ndi iti?

Kuyambira May mpaka August kunja kumazizira bwino ndipo kuyenda wapansi sikutopetsa, kungoti June ndi July m'mawa mufunika juzi. September ndi October jakaranda amachita maluwa m'misewu koma kutentha ndi fumbi zimakhala zafika. Nthawi ya mvula, December mpaka March, mzinda umabiriwira koma misewu ya ku Dzalanyama ndi ku Chongoni imavuta.

Ngati mukufuna kuona malowa ali ndi moyo, pa 14 May ndi Kamuzu Day ndipo pachiliza pamakhala akubanja, andale ndi nkhata za maluwa. Lamlungu loyandikira 11 November kunsanja kumakhala mwambo wokumbukira asilikali, kumakhala perete, lipenga, kukhala chete kwa mphindi ziwiri ikakwana 11 koloko, ndipo asilikali opuma amabwera atavala mamendulo awo. Masiku amenewa chitetezo chimakhwima ndipo misewu ina imatsekedwa, ndiye lawirirani. Amene mukubwera pakati pa April ndi August muthanso kupempha kukaona okushoni ya fodya ku Kanengo, si chipilala ayi koma ndi fodya amene anamanga tauni ino monga tanenera pa funso la Old Town.

Ndine mphunzitsi, ndikufuna kubwera ndi ana. Ndikonzekere bwanji?

Lembani kalata ku Nyumba ya Malamulo masabata angapo tsiku lisanafike, ndipo ngati nkotheka sankhani nthawi yomwe aphungu akukumana kuti ana akaone zenizeni osati mipando yokha. Malo atatu pa tsiku ndi okwanira, Nyumba ya Malamulo, chiliza ndi nsanja, mukawonjezera ana amatopa ndipo sagwiranso kanthu. Pafupi ndi chiliza ndi nsanja palibe pogula chakudya chambiri, ndiye nyamulani madzi ndi kamba, mukadyere ku Botanic Garden, zinyalala mutolere.

Musanapite apatseni ntchito yoti akafunse agogo awo kunyumba mafunso awiri, kodi m'banja mwathu alipo anapita kunkhondo kapena ku mtengatenga, nanga nthawi ya Kamuzu munkakhala bwanji. Mayankho akewo abwere nawo papepala, akawerengere anzawo pansi pa nsanja pafupi ndi mayina aja. Kukwera pamwamba muwagawe m'timagulu ta anthu ochepa, mphunzitsi mmodzi kutsogolo wina kumbuyo, ndipo a pulayimale ya m'munsi asakwere.